Ndime 89: Pulezidenti Akalankhula, Ayankhenso

Ndime 89 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imayamba ndi mndandanda wa mphamvu za pulezidenti: kusayinira mabilu kuti akhale malamulo, kuitanitsa misonkhano ya nduna, kusankha ndi kulandira akazembe, kupangana mapangano ndi mayiko ena, kukhululukira akaidi. Munthu akamawerenga amangoona mpando ukunka nukwera. Koma pofika pa kandime kachitatu zinthu zitembenuka. Apa sakunenanso zimene pulezidenti angathe kuchita. Akunena zimene ayenera kuchita, afune asafune.

Kandimeka kakuti chaka chilichonse, aphungu asanayambe kukambirana bajeti, pulezidenti apite ku Nyumba ya Malamulo kukachita zinthu zitatu. Afotokoze mmene dziko lilili ndi mfundo zimene boma likufuna kutsata, apereke lipoti la mfundo za chaka chapitacho, ndipo ayankhe mafunso. Zitatuzi zili m'chiganizo chimodzi ndipo zamangidwa ndi lamulo limodzi. Palibe pamene alembi anati choyamba nchokakamiza koma chachitatu nchongosankha.

Nthawi imene anasankhayo ikunena zambiri. Sanati pa chikondwerero cha 6 July, sanati kumayambiriro kwa chaka. Anati bajeti isanakambidwe. Mwana amene anatumidwa kumsika dzulo amayamba wabweza chenji ndi kufotokoza zimene anagula asanapatsidwe ndalama zina lero. Anthu amene analemba malamulowa mu 1994 anali akutuluka m'zaka makumi atatu za ulamuliro wa Kamuzu Banda, pamene phungu ankaimirira kuthokoza ndi kutamanda, osati kufunsa. Ankafuna kuti wopempha msonkho wa anthu aonekere pamaso pa oimira anthuwo, ayankhule, kenaka akhale chete amve funso.

Mwa zitatuzo, choyamba ndicho chinakula bwino. Tsiku lotsegulira Nyumba pamakhala perete wa asilikali, oweruza atavala mikanjo yawo, akazembe atakhala pamalo awo, uthenga nkumaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Lipoti la chaka chatha kawirikawiri limamezedwa mu uthenga womwewo, ndipo limatuluka ngati mndandanda wa zimene zayenda bwino. Chachitatu chija chinafota. Bakili Muluzi anayankhapo mafunso m'Nyumbayi m'zaka zake zoyambirira, koma pambuyo pake mwambowo unazilala, mpaka pa 10 September 2020 pamene Lazarus Chakwera anakaimirira pamaso pa aphungu, Catherine Gotani Hara ali sipikala. Anthu anachilandira ngati chachilendo, pamene chinali cholembedwa kale m'malamulo kwa zaka zoposa 25.

Kandime kachinayi nkosiyana ndi kachitatu m'kamangidwe kake, ndipo kusiyanako sikwangozi. M'kachitatu pulezidenti ndiye wochita: amapita, amalankhula. M'kachinayi ndi woitanidwa. Kakuti adzaitanidwa kukayankha mafunso pa nthawi zimene malamulo oyendetsera zokambirana za m'Nyumba akhazikitsa, kapena aphungu akagwirizana kuti abwere. Kiyi apa ali m'manja mwa aphungu. Ndiwo amalemba malamulo a m'Nyumba mwawo, ndiwo amavota. Choncho zaka zonse zimene pulezidenti sankafunsidwa, mlandu sunali wa ku Sanjika kapena ku Kamuzu Palace kokha. Chipani cholamula chikakhala ndi aphungu ambiri, nkovuta kuti iwo avote kuti bwana wawo adzatuluke thukuta pamaso pa otsutsa.

Ndiye pali kandime kachisanu ndi chimodzi, kamene ndimakaona ngati khomo lakumbuyo. Kamalola kuti mphamvu ndi ntchito za pulezidenti azichite yekha, kapena azipereke mwa kalata kwa nduna kapena mkulu wina wa boma. M'nthawi ya ulamuliro woyamba wa Peter Mutharika, aphungu otsutsa atafuna kuti adzayankhe yekha, mbali ya boma inatsamira pa mfundo yakuti akhoza kutuma nduna. Poyang'ana kandimeko pakokha, maganizowo ali ndi poimira. Koma powerenga malamulo onse pamodzi amagwedezeka. Ndime 96 inapereka kale kwa nduna udindo wopezeka m'Nyumba kuti ziyankhe mafunso ndi kutenga mbali pa zokambirana za mfundo za boma. Ngati nduna zili kale ndi udindo umenewo, nanga alembi anavutikiranji kulembanso ndime ina yoitana pulezidenti, ngati yankho lake likhale kutumanso nduna zomwezo? Mphamvu munthu angabwereke mnzake. Koma kuyankha pa zimene walamula iwe mwini ndi ngongole, ndipo m'maganizo mwanga kandime kachinayi kanalembedwa kuti ngongoleyo ibwezedwe ndi mwini wake.

Chifukwa china chili mu ndime 97, imene ikuti nduna zimayankha kwa pulezidenti pa kayendetsedwe ka maunduna awo. Kuno sikuli ngati ku Britain, kumene nduna yaikulu ndi phungu ndipo Lachitatu lililonse Nyumba ikamakumana amafunsidwa ndi aphungu anzake, amenenso angathe kugwetsa boma lake. Kwathu pulezidenti amasankhidwa ndi anthu mwachindunji, ndipo munthu akhoza kukhala nduna asali phungu. Phungu akafunsa za mlatho umene unakokoloka kapena za mankhwala amene atha pachipatala cha kwawo, nduna nkuyankha kuti boma likudziwa ndipo lidzakonza ndalama zikapezeka, Nyumba ilibe mphamvu yoichotsa ndunayo. Wotha kuichotsa ndi mmodzi yekha, ndipo ndi yemweyo amene ndime 89 ikuti abwere.

Pa nkhani za kunja mpata wa aphungu ndi wochepa kwambiri. Ndime 89 ikupereka kwa pulezidenti mphamvu yokambirana ndi kusayinira mapangano ndi mayiko ena, ndipo ndime 96 ikungoti nduna zimuthandize kusankha mapanganowo ndi kudziwitsa Nyumba. Kudziwitsa basi, osati kupempha chilolezo. Aphungu amalowapo pamene panganolo likufunika kukhala lamulo la dziko lino, malinga ndi ndime 211, kapena pamene boma labweretsa bilu yopempha kutenga ngongole kunja. Boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan nkutembenukira ku China kumapeto kwa 2007, ubale wa zaka zoposa 40, popanda voti ya aphungu. Mu uthenga wake wa September 2020, Chakwera analengeza kuti Malawi adzatsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem, nkhani imene inautsa mapiri pachigwa chifukwa cha mkangano wa Israel ndi Palestine. Phungu amene sanagwirizane nazo analibe voti yoletsera. Chimene malamulo anamupatsa ndi mpata wofunsa. Ofesiyo inadzatsegulidwa mu April 2024, ku Tel Aviv.