Mzere umene sukwera pa nsapato ya wosewera

Loweruka masana, m'mabala a ku Matero ndi ku Chawama mmene anthu amaunjikana kuonera mpira wa ku England, maso onse amakhala pa mpira ndi pa oyimbira. Ndi ochepa amene amayang'anitsitsa mizere ndi zizindikiro za matimu zimene nthawi zina zimaoneka zitagona pa kapinga. M'bwalomo utoto umenewo mulibe. Kompyuta ndiyo yaupaka pa chithunzi chokha, koma taonani kagonedwe kake: kamera ikatembenuka mzere sutsetsereka, wosewera akaudutsa nsapato yake imaponda pamwamba, mzere n'kukhala pansi. Ine luso limeneli limandigwira mtima kuposa zigoli zina.

Umisiriwu ndiwo augmented reality, mwachidule AR, kusanjika chojambula cha kompyuta pa zinthu zenizeni zimene kamera ikuona nthawi yomweyo. Kujambula mzere ngakhale mwana angathe, chovuta ndi kuukhazika kuti usasunthe. Kampani ya Sportvision, imene inaonetsa mzere wachikasu koyamba pa wailesi ya kanema ya ESPN mu 1998 pa mpira wa ku America, inayamba yayeza bwalo lonse, kenaka n'kumangirira pa makamera tizipangizo touza kompyuta kumene kamera yaloza, mmene yaweramira ndi mmene yakokera chithunzi. Kuti mzere usakwere pa anthu, anaidziwitsa kompyutayo mitundu ya kapinga, wa padzuwa ndi wa pamthunzi, kuti izipaka pokhapo, malaya ndi khungu la osewera n'kumazilambalala.

Ntchito ya mtundu umenewu, imene nthawi imeneyo inkafuna chilole chodzaza makompyuta, lero ili m'manja mwa mtsikana wa ku Kanyama. Akatsegula TikTok kapena Snapchat n'kusankha fyuluta, foni imayamba yapeza pamene pali nkhope, kenaka imayala ukonde wa timadontho pa zikope, pamphuno, pamilomo mpaka kuchibwano. Njira ya Google yotchedwa MediaPipe Face Mesh imagwiritsa ntchito timadontho 468. Magalasi kapena nkhata ya maluwa zimamangiriridwa pa ukondewo, ndipo foni imawerengera zonse mwatsopano pafupifupi ka 30 pa sekondi. Mtsikanayo akaseka, ukonde umatambasuka naye. Akatembenuza mutu, mwendo wina wa magalasi umabisala kuseri kwa tsaya. Kuchedwa pang'ono chabe, diso la munthu limagwira bodzalo pompo, chifukwa palibe chimene timachidziwa bwino kuposa nkhope. Snapchat inapeza luso limeneli pogula Looksery mu 2015, kampani imene inayambitsidwa ndi amisiri a ku Ukraine.

Nkhope zathu sizinalandiridwe mofanana m'ntchitoyi. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani akuluakulu ouza ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi, ndipo anapeza kuti pa akazi akhungu lakuda ena ankalakwitsa mpaka 34.7 pa 100 alionse, pamene pa amuna oyera kulakwitsako sikunkafika ndi 1 yemwe. N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu amisiri a Transsion, eni ake a Tecno, Itel ndi Infinix, amene anakonza makamera awo kuti aziona bwino khungu lakuda. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ambiri m'makomboni ankadalira kuwala kwa kandulo kapena tochi. Kamera ikalephera kuona nkhope mumdima wotero, ukonde uja umasowa pogwira.

Kuika chithunzi cha mpando kapena kabati m'chipinda n'kovuta kuposa apa, popeza chipinda chilibe mphuno ndi maso zoti foni iyambirepo. Foni imasankha timalo tooneka bwino, monga ngodya ya tebulo, mng'alu wa pasimenti, duwa la pachitenje, n'kumaona mmene tikusunthira munthu akamayenda nayo. Izi imaphatikiza ndi zimene ikumva kuchokera ku tizipangizo ta mkati toyeza kupendekeka ndi kugwedezeka, mpaka itadziwa pamene pali pansi ndi kutalika kwa khoma. Pali chinthu china chimene chimandikondweretsa pamenepa: khoma loyera losalala limaisokoneza foni chifukwa lilibe pogwira, pamene khoma la mabuloko osapaka pulasitala, lodzaza mizere ndi timaenje, monga ambiri a ku George ndi ku Mtendere, imaliwerenga mosavuta.

Dzina loti AR linayambira pa ntchito ya manja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Tom Caudell ndi David Mizell a ku Boeing ankafuna kuti oyala mawaya a ndege aziona njira ya waya aliyense itajambulidwa patsogolo pa maso awo, m'malo motembenukira ku mapepala. Lero wogula katundu ku Kamwala angathe kulozetsa kamera ya Google Translate pa katoni yolembedwa m'Chitchaina, mawuwo n'kusanduka Chingerezi pomwepo pakatonipo. Mu 2017 IKEA inatulutsa pulogalamu yoti munthu aone sofa m'chipinda chake asanagule.

Amene ndimawaganizira kwambiri ndi akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Iwo amadziwa kale kuti felemu ya chitseko ikaphonya pang'ono, chitseko sichitseka, ndipo mlandu wa AR ndi womwewo. Geti yojambulidwa bwino, yoimikidwa pampanda wa kasitomala kudzera pafoni, ingathetse mikangano ya "sindinanene zimenezi" chitsulo chisanadulidwe. Chopinga chilipo: ARCore, pulogalamu ya AR ya Google, imagwira pa mafoni ovomerezeka okha, ndipo ambiri otsika mtengo sali m'gulu limenelo. Komabe foni imodzi ya mmisiriyo ndi yokwanira.

Achinyamata a ku University of Zambia, imene ili moyandikana ndi Kalingalinga, ndi inu opita ku BongoHive, Lens Studio ya Snapchat ndi Effect House ya TikTok, zopangira mafyuluta, ndi zaulere. Pitani ndi tepi yoyezera kwa amisiri aja, muyambe ndi geti imodzi.