Wogonja Samuthamangitsa Pabwalo

Zimandiwawa ndikamva munthu akunena kuti Mishnah ndi buku la malamulo a Chiyuda basi, ngati kuti Rabbi Yehuda HaNasi, posonkhanitsa mawu a m'bukuli ku Galileya cha m'ma 200, ankangofuna kundandalika zololedwa ndi zoletsedwa. Akadafuna zimenezo, timabuku take 63 tikadakhala topyapyala. Luso la Mishnah lagona poti amene wagonja pamtsutso amamusiya pabwalo pomwepo, dzina lake ndi mawu ake.

Tsegulani ndime yoyamba yeniyeni, m'kabuku ka Berakhot. Nkhani ndi ya nthawi yonenera pemphero la Shema madzulo. Rabbi Eliezer akuti malire ndi kutha kwa ulonda woyamba, anzeru ambiri akuti pakati pa usiku, Rabban Gamliel akuti mbandakucha. Mayankho atatu, onse asungidwa. Kenaka, mosayembekezera, mwalowa kankhani: ana a Gamliel abwera mochedwa kuchokera kumadyerero asanapemphere, ndipo bambo wawo akuwauza kuti ngati kunja sikunache, udindo ukadalipo. Ndimayikonda ndimeyi! Lamulo lafika pakhomo ndi anyamata ochezera kuphwando, ndipo mpamene tikumva chifukwa chake anzeru aja anatchula pakati pa usiku: ankafuna munthu asazengereze mpaka kugwa m'cholakwa.

Tisaiwale kuti zonsezi zinkayenda pakamwa. Panali munthu wotchedwa tanna, ntchito yake kuloweza ndi kubwereza. Kwa iyeyo dzina la rabbi aliyense linali chogwirira, mtsutso wa otsatira a Rabbi Hillel ndi a Rabbi Shammai unali ngati kuyimba kopokezana kumene sikuchoka m'mutu. Ndiponso kabuku ka Eduyot kakunena poyera chifukwa chosungira maganizo a munthu mmodzi: bwalo lamtsogolo lingadzawafune n'kutsamirapo.

Amene amangotola timiyambi tokoma m'kabuku ka Pirkei Avot n'kumati aidziwa Mishnah, anangonyambita supuni.

Pa nkhani yosunga mawu a wogonjayi, amene ndimalimbana naye kwambiri ndi Maimonides. Mishneh Torah yake, ndondomeko ya malamulo a Chiyuda imene anaimaliza ku Iguputo cha m'ma 1180, njosalala, mabuku 14 oyalidwa bwino, Chihebri chake choyera ngati madzi apakasupe. Koma anasesa mayina a otsutsana, n'kungosiya chigamulo. Rabbi Abraham ben David wa ku Posquières anamudzudzula chifukwa chosatchula kumene watenga mfundo zake, ndipo ine ndili kumbali yake. Mukawerenga lamulo la Shema mwa Maimonides mudziwa nthawi yake bwinobwino, koma ana a Gamliel aja simuwamva akugogoda pachitseko.