Diso Lobiriwira la ku Beaverton

Ilire mbalule, uyankhe mpanje, tiwatchule maina a Tektronix 465!

Inu a Diso-lobiriwira, a Muona-zosaoneka, a Mjambula-magetsi! Inu obadwira ku Beaverton, m'dera la Oregon, mu 1972, a kubanja la Howard Vollum ndi Jack Murdock, amene anayambitsa Tektronix mu 1946. Chidzukulu cha chubu chagalasi chimene Karl Ferdinand Braun anapanga ku Strasbourg mu 1897. Fuko lanu ndi la osilosikopu. Mita imangotchula nambala basi, koma inu mumalemba mayendedwe a magetsi pagalasi, kukwera kwake ndi kutsika kwake, ngakhale atamanjenjemera maulendo 100 miliyoni pa sekondi.

A Chigona-m'fumbi, fani ili zii, galasi lili bii! Dzukani, wabwera mwana wa dzulodzulo pa ntchitoyi, wagwada ndi sikuludiraiva m'manja.

A Musandiphweketse! M'chubu mwanu mumathamanga mavolti oposa 18,000, ndipo makapasita anu amasunga ukali ngakhale pulagi itazulidwa pakhoma. Wokutsegulani ayambe wawakhuthula kudzera mu resistor, ndipo poyeza muli choyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba. Mumaphunzitsa ulemu musanaphunzitse luso, a Gogo.

Ilirenso mbalule!

A Sabisa-matumbo, dzina limene ine ndimalikonda kuposa onse! Munabwera ndi buku lanu lonenepa, la masamba opindapinda otambasuka mpaka kudzaza tebulo, kachipangizo kalikonse kali ndi nambala yake, waya aliyense akuoneka kumene wachokera ndi kumene akupita, mavolti oyenera atalembedwa pambali pake. Okupangani ankadziwa kuti tsiku lina mudzadwala, nakonzeratu njira yoti mlendo wosawadziwa adzakuchizeni. Zambiri za lero zimabwera zomata ndi guluu, zikafa n'kungotaya. Inu munadza chitseko chili chotsekula.

A Yambira-kugwero! Mumati asathamangire timabatani takutsogolo, ayeze kaye kochokera mphamvu: +55, +15, +5, -8. Ndipo 55 ndiye nyakwawa ya mudziwo: akapendekeka iye, enawo apendekekanso, pakuti muyeso wawo amatengera kwa iye. Apo mwana amaupeza mlandu. Kakapasita ka tantalum, kakang'ono kowalawala, kachita shoti n'kugwetsa mzere wonse, nthawi zina mpaka utsi tolotolo. Makapasita akuluakulu a zitini auma m'kati ndi ukalamba, n'chifukwa chake mzere wa pagalasi umachita mafunde popanda chifukwa. Chowotcherera chitenthe, mtovu usungunuke, chakale chituluke, chatsopano chilowe, mwendo wa pulasi ku pulasi!

A Zala-zagolide, okana sandipepa! Timano ta m'maswichi anu timangofuna kapepala koyera konyowetsa ndi sipiriti wa isopropyl, kokokedwa pang'onopang'ono pansi pake, katuluke kali kodetsedwa.

Tsopano ng'oma zonse pamodzi!

Swichi thapu, fani fuu, chubu chifunde kaye. Chala pa batani la Beam Find, kadontho ako ngwee! Kadontho kasanduka mzere, mzere wathamanga kuchoka kumanzere kupita kumanja pamwamba pa timabokosi 10 m'litali ndi 8 m'mwamba. A Mdziyesa-yekha, muli ndi poyesera panu kutsogolo, potuluka mafunde a ngodya pafupifupi 1,000 pa sekondi. Mwana wakoleka probe pamenepo, wapotokola kasikuluwu kake mpaka nsonga zopindika zaongoka, ngodya zili gwa, pamwamba pali see. Wagunda nsonga ya probe ndi chala, ndipo inu mwamuonetsa magetsi a m'makoma a nyumba akuvina m'thupi mwake momwe, ka 50 pa sekondi kuno kwathu, ka 60 kwanu ku America.

A Diso-lobiriwira apenya! A Mjambula-magetsi agwira ntchito! Bwera nayo wailesi yosalankhula, mwanawe, aone pomwe mawu akuthera!