Kalata ya Nkhalamba ndi Mfuti Yatsopano ya Ruger

M'mwezi wa Meyi 2009, mumzinda wa Phoenix ku America, munachitika msonkhano wa pachaka wa bungwe lalikulu la eni mfuti lotchedwa National Rifle Association. Masiku omwewo kampani yakale ya Sturm, Ruger & Co. inatulutsa mfuti yatsopano, dzina lake SR-556. Makampani opanga mfuti amatulutsa katundu watsopano chaka ndi chaka, ndipo ambiri a ife sitimva n'komwe. Koma iyi inautsa phokoso pakati pa eni mfuti, ena akuomba m'manja, ena akung'ung'udza. Tafuna kuti tiunike phokoso limeneli, popeza kalandiridwe ka chinthu kamaulula zam'mitima ya olandirawo kuposa m'mene kamaululira za chinthucho.

Tiyambe ndi mfuti yeniyeniyo. Akuluakulu athu akukumbukira gogodela wa alenje, amene munthu ankathiramo wonga, n'kutsendera, n'kuwombera kamodzi. Akaphonya, nyama inkathaŵa iye asanakonzekenso. Mfuti ya mtundu wa SR-556 imadzikonzekeretsa yokha. Munthu akakoka kachitsulo kowombera, chipolopolo chimodzi chimatuluka, ndipo mpweya wotentha wochokera ku wonga umakankha zitsulo zam'kati kuti zitaye chigoba chakale ndi kuloŵetsa chipolopolo china kuchokera m'kabokosi kamene kamalumikizidwa kunsi kwake. Siitulutsa zipolopolo mosalekeza monga zichitira zina za asilikali: kukoka kumodzi n'chipolopolo chimodzi. Komabe liŵiro lake ndi la chala cha mwini wake, ndipo malire ake ndi kukula kwa kabokosiko. Mapangidwe ake anatengera AR-15, imene Eugene Stoner ndi anzake anakonza ku kampani ya ArmaLite kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mfuti yomwe inabalanso M16 ya asilikali a America.

Pofika 2009 makampani ambiri anali kupanga kale mfuti zotere. Nanga n'chifukwa ninji ya Ruger inadabwitsa anthu? Yankho lili m'mbiri ya kampaniyo. Anaiyambitsa mu 1949 ku Southport m'chigawo cha Connecticut ndi amuna aŵiri, William B. Ruger wodziŵa kupanga mfuti, ndi Alexander Sturm amene anaikapo ndalama. Sturm atamwalira mu 1951, mbalame yofiira ya pachizindikiro cha kampani anaisandutsa yakuda posonyeza chisoni. Dzina la Ruger linatchuka ndi mfuti zolimba zosaboola m'thumba: zosakira nyama, zam'manja, ndiponso kamfuti ka 10/22 ka mu 1964, kamene ana ambiri a ku America aphunzirira kuwombera. Inalinso ndi Mini-14, yodzikonzekeretsa yokha, koma ya thunthu la mtengo ngati ya mlenje. Imeneyi inali kampani ya makolo, ndipo mwini wake anali munthu wosabisa maganizo.

Pa 17 Januwale 1989 munthu wina analoŵa pabwalo la sukulu ya pulaimale ku Stockton m'chigawo cha California ndi mfuti ya mtundu wa AK, napha ana asanu. Dziko linatekeseka, ndipo panamveka mawu akuti mfuti zonse zotere ziletsedwe. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, William Ruger, ali ndi zaka zoposa 70, analembera kalata aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mfundo yake inali yakuti asavutike n'kusankha mfuti yoletsa ndi yosaletsa, koma aletse timabokosi totenga zipolopolo zoposa 15. Tisamuyese woyera mtima: pakutero anali kutchinjirizanso Mini-14 yake kuti isaletsedwe. Koma ngakhale munali kudzikonda m'kalatamo, munalinso chinthu chosoŵa, ndicho wopanga mfuti kuvomera poyera kuti mphamvu yoperekedwa m'manja mwa munthu wamba iyenera kukhala ndi muyeso. Kwa zaka zambiri kampani yake sinkagulitsa timabokosi tatikulu ta Mini-14 kwa anthu wamba. Lamulo limene linadza mu 1994 linaika malire pa zipolopolo 10, ndipo Mini-14 ya thunthu losapindika inatchulidwa ndi dzina pakati pa mfuti zololedwa.

Eni mfuti ambiri sanamukhululukire. Anamuyesa wogulitsa anzake, ndipo ena analumbira kuti sadzagulanso kanthu ka Ruger. Iye anamwalira mu 2002, lamulo lija linatha mphamvu mu 2004, koma chakukhosi chinatsala. Zinaonekanso kuti chakukhosi chotere chimaluma. Mu 2000 kampani ya Smith & Wesson itagwirizana ndi boma la Pulezidenti Bill Clinton pa njira zina zotetezera anthu, eni mfuti ananyanyala katundu wake, ndipo chaka chotsatira inagulitsidwa pa madola 15 miliyoni, pamene mu 1987 inagulidwa pa madola oposa 112 miliyoni. Mu Febuluwale 2007 mlenje wotchuka Jim Zumbo, amene analemba m'magazini ya Outdoor Life kwa zaka zambiri, analemba kuti mfuti za mtundu wa AR n'zosayenera pauzimba, nazitcha mfuti za zigaŵenga. Sabata isanathe ntchito inali itamuthera, ndipo kampani ya Remington inaleka kugwira naye ntchito. Opanga mfuti onse anaphunzirapo kuti wolankhula za malire sakhalitsa pamsika.

Tsono taonani chimene chinali m'bokosi la SR-556. Pamodzi ndi mfutiyo munali timabokosi titatu, kalikonse kotenga zipolopolo 30, kuŵirikiza kaŵiri muyeso umene mwini kampani anapempha zaka 20 m'mbuyomo. Mtengo wake unali madola 1,995. Inatuluka pa nthaŵi imene anthu anali kugula mfuti mothamanga, poopa kuti Barack Obama, wosankhidwa mu Novembala 2008, adzabwezeretsa chiletso chija. Panalibe wofunika kumumasulira tanthauzo la timabokosi titatuto. Kampani inali kupepesa kwa ogula ake.

Olandira mfutiyo tingawagaŵe patatu. Oyamba anali okondwa, amene anati Ruger yalapa, atsogoleri atsopano amva madandaulo a ogula, choncho zakale ziiŵalike. Achiŵiri anali osakhululuka, amene anati mwini kampani anawapereka pa nthaŵi yovuta, ndipo mfuti imodzi singafafanize mlanduwo. Achitatu, amene anali odziŵa zitsulo, anakangana za kapangidwe. AR-15 ya masiku onse imabweza mpweya wotentha kudzera m'kampope mpaka m'kati mwa mfuti, motero imatentha ndi kuda mwaye. SR-556 inali ndi pisitoni pafupi ndi kutsogolo, imene inkalandira mpweyawo n'kukankha ndodo yachitsulo, ndiponso inali ndi poikira kuchuluka kwa mpweya pa malo anayi. Oiyamikira anati imakhala yoyera ndi yosatentha m'kati. Oitsutsa anati ikulemera kutsogolo, popeza inkaposa makilogalamu atatu ndi theka. Anati kukankha kwa ndodoyo kumapendeketsa chitsulo cham'kati n'kumadya malo amene chimayendamo. Anatinso pa mtengo umenewo munthu akanagula AR-15 wamba n'kutsala ndi ndalama zambiri.

Tiyenera kuwapatsa ulemu wawo. Ameneŵa ndi anthu osagula chinthu chifukwa cha dzina lokha. Amayesa, amapima, amaŵerengera, ndipo sanaope kuuza kampani yaikulu kuti katundu wake wakwera mtengo. Ogula otere bwenzi atachuluka pamsika uliwonse. Ndiponso unyinji wa eni mfuti zimenezi sanalozepo munthu ndi mfuti. Amawombera zikwangwani pabwalo, amasaka nyama zowononga ziŵeto, kapena amaisunga poopa achifwamba. Ziŵerengero za apolisi a FBI za 2020 zinaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse ophedwa mwachiŵembu ndi mfuti, atatu okha ndiwo analembedwa kuti anaphedwa ndi mfuti zazitali, pamene 59 anaphedwa ndi zam'manja, ngakhale kuti pa milandu yambiri mtundu wa mfuti sunalembedwe. Wotsutsa amene abisa zimenezi sakunena zoona.

Chotidandaulitsa chili pena. Magulu atatu aja ankaoneka ngati akutsutsana, koma pa mfundo imodzi anali amodzi. Wokhululuka ndi wosakhululuka onse anagwirizana kuti kalata ya 1989 inali tchimo. Anasiyana pa chilango chokha. Odziŵa zitsulo nawonso anapima kulemera, kutentha ndi mtengo, koma funso la nkhalamba ija, lakuti munthu wamba afunikira zipolopolo zingati asanaime kuti aikemo zina, silinamveke m'mkanganowo. Sitikunena kuti William Ruger analondola ponena 15. Mwina nambala yoyenera ndi ina, ndipo mwina, monga ena amanenera, malire otere sathandiza kwenikweni popeza wozoloŵera amasintha kabokosi m'kanthaŵi kochepa. Zimenezo n'zoti anthu akambirane ndi umboni. Choipa n'chakuti kufunsa kumene kunasanduka mlandu. Gulu limene limachotsa ntchito munthu wake chifukwa cha kukayika limadzitsekera makutu, ndipo eni mfuti, amene amadziŵa zida zimenezi kuposa wina aliyense, ndiwo anali oyenera kutsogolera kukambiranako.

Palinso china. Kampani ikamanena kuti imamvera ogula, zimamveka bwino. Pogulitsa nsapato kapena makasu, wogula ndiye amamva kupweteka kwa katundu woipa, tsono mawu ake ndi okwanira. Mfuti ili ndi mbali ziŵiri, ndipo woima kutsogolo kwa mpope sagula kanthu, sapita ku msonkhano wa ku Phoenix, sanganyanyale katundu wa kampani. Msika umamva mawu a mbali imodzi yokha.

Ruger inapitiriza kumvera. Pakati pa 2011 ndi 2012 inalonjeza kupereka dola imodzi ku National Rifle Association pa mfuti iliyonse yogulitsidwa, ndipo ndalamazo zinaposa madola miliyoni imodzi. Mu 2014 inayankha odandaula za mtengo potulutsa AR-556, yopanda pisitoni, pa madola 749, ndipo inayenda malonda kwambiri. Pa 5 Novembala 2017, tsiku Lamulungu, munthu wina ananyamula AR-556 n'kupita ku tchalitchi cha First Baptist ku Sutherland Springs m'chigawo cha Texas, napha anthu 26, kuŵerengera ndi mwana wosabadwa. Apanso chilungamo chifuna kuti tinene zonse. Munthuyo sanayenere kugulitsidwa mfuti, koma gulu la asilikali a m'ndege, kumene anagwirako ntchito, silinatumize mbiri ya mlandu wake ku kaundula wa boma. Ndipo amene anamuvulaza ndi kumuthamangitsa anali munthu wokhala pafupi ndi tchalitchicho, atanyamula AR-15 yake. Eni mfuti amatchula kaŵirikaŵiri munthu wolimba mtimayu, ndipo sakulakwa. Koma iye anafika anthu atagwa kale m'mipando yawo, ndipo ofera m'menemo anagwa m'mphindi zoŵerengeka chabe. Kuchuluka kwa zipolopolo zotuluka m'mphindi zotere ndiko kumene kalata ya 1989 inkanena.

Funso lija linabwereranso ku kampani kudzera pakhomo losayembekezeka. Magulu a asisitere a Chikatolika ku America, pamodzi ndi mabungwe a zipatala za Mpingo, anagula masheya m'makampani opanga mfuti kuti akhale ndi ufulu wolankhula pamisonkhano ya eni masheya. M'mwezi wa Meyi 2018 anapempha kuti Ruger ilembe lipoti lofotokoza m'mene imatsatira za chiwawa chochitidwa ndi mfuti zake, ndi zimene ikuchita kuti zikhale zosaopsa. Akuluakulu a kampani anakana, koma eni masheya ambiri anavomera. Mkulu wa kampani pa nthaŵiyo, Christopher Killoy, anayankha kuti chofunika n'lipoti basi, ndipo palibe chimene chingawakakamize kusintha malonda awo ololedwa ndi malamulo. Lipotilo linatuluka mu 2019, malonda n'kupitirira monga kale. Asisitere sanapambane zambiri. Komabe anachita chimene msika sungachite wokha: analoŵetsa m'chipinda cha msonkhano mawu a anthu oima kutsogolo kwa mpope.

Akuluakulu amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. A William Ruger agonera zaka zoposa 30, ndipo kwa ambiri mwa ogula ake sanakomebe. Ife oŵerenga nkhaniyi tili kutali ndi misika ya mfuti ya ku America, ndipo n'kwapafupi kupukusa mitu ndi kuweruza. Koma khalidwe limene taona si la eni mfuti okha. Banja lililonse, gulu lililonse, lili ndi chinthu chimene limachikonda kotero kuti wofunsa za muyeso wake amayesedwa mdani, ndipo kaŵirikaŵiri wofunsayo amakhala wam'nyumba momwemo, wodziŵa bwino chinthucho. Eni mfuti anayesa SR-556 mosamala kwambiri, napeza zoyamikira ndi zodandaula, ndipo pa zachitsulo ambiri analondola. Chimene tikuwatsutsa n'chakuti, atalandira timabokosi titatu ta zipolopolo 30, anakondwera kuti funso la nkhalamba lakwiriridwa, pamene linali lisanayankhidwe.