Mphindi Ziŵiri za Chete: Kuunika Mwambo Wokumbukira Ankhondo

Chaka ndi chaka, pa Lamulungu loyandikana ndi 11 Novembala, akuluakulu a boma ndi a usilikali pamodzi ndi akazembe a maiko ena amasonkhana pa zipilala za chikumbutso cha nkhondo, ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ku Lilongwe ndi kwina. Dongosolo lake nlodziŵika. Asilikali amafola pa perete, bandi imaimba, ndipo nthaŵi ikakwana 11 koloko onse amakhala chete mphindi ziŵiri, lipenga nkulira. Pambuyo pake amaika nkhata za maluŵa ofiira, aliyense potsata udindo wake. Nkhalamba zingapo zovala mamendulo zimakhala pa mipando ya kutsogolo. Penapake m'dongosolomo muli danga la pemphero, ndipo kaŵirikaŵiri mmodzi mwa ife atsogoleri a mipingo ndiye amaitanidwa kuti atsogolere. Nchifukwa chake mwambowu sitingauyese wa eniake. Wansembe akapempherera chinthu poyera, anthu amati wachivomereza, tsono ayenera kudziŵa chimene wavomerezacho. Tiuŵerenge mwambowu monga momwe tidaphunzirira kuŵerenga mwambo uliwonse wa chipembedzo: poyang'ana zizindikiro zake, mau ake, ndi anthu amene umaŵatchula kapena kuŵasiya.

Chabwino koposa m'mwambo wonsewu ndi chete uja. Adayambira ku Africa konkuno: mu 1918 anthu a ku Cape Town ankaima chete masana aliwonse kukumbukira ana ao amene anali ku nkhondo, ndipo mu 1919 mfumu George V idalamula kuti zomwezo zichitike pa 11 Novembala m'maiko onse a ufumu wake. Pa mphindi ziŵiri zimenezo palibe wolankhula, choncho palibe wonama. Mkulu wa asilikali ndi mayi wamasiye amalingana. Ife amene pa Misa timathamangira kutseka mpata uliwonse ndi nyimbo kapena zolengeza tingathe kuphunzirapo kanthu.

Zizindikiro zinazo nzobwereka. Duŵa lofiira lija ndi la ku minda ya ku Flanders, kumene lidamera pa manda a ophedwa. Ora la 11 pa tsiku la 11 la mwezi wa 11 ndi nthaŵi imene mfuti zidaleka kulira ku Ulaya mu 1918. Kwathu kuno nkhondo inali isanathe: mkulu wa ankhondo a Germany, von Lettow-Vorbeck, adamva uthengawo patapita masiku ali pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo adatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'Zambia. Kubwereka pakokha sitikudana nako. Ife tomwe timapereka nsembe ya mkate wa tirigu ndi vinyo wa mphesa pakati pa anthu olima chimanga. Koma chizindikiro chimabwera ndi nkhani yake, ndipo nkhani ya duŵali ndi ya mnyamata wa mfuti m'manja amene adagwa m'ngalande pomenyera dziko lake. Funso nlakuti, kodi imeneyo ndiyo nkhani ya makolo athu?

Mbali ina, inde. Gulu la King's African Rifles lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake aŵiri oyamba anali a ku Nyasaland. Adamenya nkhondo ku Karonga pa 9 Sepitembala 1914, nalondola adani zaka zinai m'dziko la Tanganyika ndi la Mozambique. Pa nkhondo yachiŵiri adafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Chipilala cha njerwa cha ku Zomba chili ndi ulemu wake wapadera: chili ndi maina a asilikali achikuda oposa chikwi chimodzi, pamene zipilala za ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam zili ndi zifanizo chabe zopanda dzina la munthu. Amene adaganiza zolemba mainawo adachita bwino.

Koma tiŵerenge bwino. Akatswiri a mbiri, makamaka Melvin Page amene adafunsa okalamba ambiri nalemba buku lotchedwa The Chiwaya War, amati anthu a dziko lino amene adagwira mfuti pa nkhondo yoyamba anali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ndiye kuti pa msilikali mmodzi panali anthu khumi osenza. Ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, miseu ya galimoto inali yoŵerengeka, motero ufa, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pa mitu ya anthu, mtolo wa makilogalamu oposa 20 ulendo wa masabata. Ambiri mwa iwo sadaphedwe ndi chipolopolo ai, koma kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ndipo adaikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Kumudzi minda idagonera, njala idaloŵa, ndipo chimfine choopsa cha 1918 chidapeza anthu atafooka kale. Ameneŵa ndiwo anali nkhondo yeniyeni ya Nyasaland, koma pa perete alibe mzere, pa chipilala alibe dzina. Analibe yunifolomu yoti mdzukulu aisunge, ngakhale nyimbo yoti bandi iimbe.

Kuiŵala kumeneku sikudangochitika. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera, m'lipoti lake lomwe, kuti anthu osachepera 116,000, kapenanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a ku Africa, amene adafa pa nkhondo yoyamba sadakumbukiridwe ndi dzina, ena sadakumbukiridwe nkomwe, ndipo lidatchula tsankho la mtundu ngati chifukwa chake. Mu Januwale 2025 ku Cape Town adatsekula chikumbutso chokhala ndi maina oposa 1,700 a antchito achikuda a nkhondoyo. Eniake a mwambo ayamba kulapa, pamene ife obwereka tikuusungabe monga momwe tidaulandirira.

Mphunzitsi Sira, pa mutu 44 paja akutamanda anthu otchuka, amaima pakati nakumbutsa kuti alipo ena amene sadasiye chikumbutso, amene adatha ngati sadabadwe nkomwe. Mlembi wouziridwayo adadziŵa kuti mndandanda uliwonse wa ngwazi uli ndi chithunzithunzi chake. Mwambo wathu ulibe ndime yotero.

Tifike tsono pa mau, pakuti apa mpamene pali udindo wathu weniweni. M'zolankhula za tsikuli, ndi m'mapemphero omwe, timamva kuti anthuŵa adapereka moyo wao nsembe kuti ife tikhale pa ufulu. Liwu loti nsembe ndi lathu ansembe, ndipo tiyenera kulichitira nsanje. Aliyense amene adakhalako m'kalasi la filosofi akudziŵa kuti ntchito imakhala ya munthu mwini pokhapokha ngati yachokera m'kudziŵa ndi m'kufuna kwake. Chochitika mokakamiza chimamchitikira munthu, sachichita iye. Mphatso imasiyana ndi cholandidwa. Pa Misa timanena momveka kuti Ambuye adadzipereka ku masautso mwa kufuna kwao, chifukwa popanda kufunako Kalvario ikadangokhala kupha munthu wosalakwa. Nanga mnyamata amene adagwidwa usiku ndi amesenjala a boma, mfumu yake itaopsezedwa kuti ipereke chiŵerengero cha anthu, adapereka chiyani? Anthu a nthaŵi imeneyo anali nalo dzina la zimenezi: ankati ndi thangata. Tikalitcha nsembe, tabisa wolanda, ndipo mlandu tausandutsa mwambo. Ufulu umene akuti adatimenyera udafika mu 1964, patapita zaka 46, ndiponso udachokera ku nkhondo ina.

Zimenezi si nzeru za lero. Mu Novembala 1914 John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chimene anthu osauka a dziko lino adzapindule pokhetsa magazi pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya. Ife Akatolika tili ndi chifukwa chokumbukira kuukira kwake kwa mu Januwale 1915 ndi mtima woŵaŵa, poti mishoni ya Nguludi idatenthedwa masiku omwewo. Komabe funso la m'kalata ija silidapse ndi moto wa ku Nguludi. Papa Benedict XV yemwe, mu Ogasiti 1917, adauza atsogoleri a maiko kuti nkhondoyo inali kuphana kopanda phindu, ndipo mbali zonse ziŵiri zidamkwiyira.

Wina adzati tikunyoza akufa, ndi kuti mtundu wosalemekeza asilikali ake sungaŵapemphe kuti auteteze. Mau ameneŵa ali ndi choonadi. Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatican, mu Gaudium et Spes ndime 79, umaphunzitsa kuti asilikali ogwira ntchito yao molungama ndi atumiki a chitetezo ndi ufulu wa anthu, ndipo amathandizadi kukhazikitsa mtendere. Kudzipereka kwenikweni kulipo. Mu Novembala 2018, patangotha zaka 100 nkhondo yoyamba itatha, asilikali asanu ndi mmodzi a Malaŵi adaphedwa pafupi ndi mzinda wa Beni ku Congo ali pa ntchito ya United Nations. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mnzakeyo adakhala moyo. Mu 2019 adampatsa, atamwalira kale, mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Apa liwu loti kudzipereka likuyenera ndithu. Tsono ndi chifukwa cha anthu onga iyeyu kuti sitiyenera kulimwaza liwulo paliponse. Tikamtcha ndi dzina limodzi iye amene adasankha ndi uja amene adamangidwa chingwe, woyambayo tamchepetsa, wachiŵiriyo tamnamizira.

Palinso china chimene perete sangathe kunena. Gulu lomwelo limene tikulilemekeza mu Novembala ndilo lidatumidwa kukasaka anthu a Chilembwe mu 1915, ndipo asilikali a boma la atsamunda ndiwo adaombera khamu pa doko la Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, kupha anthu osachepera 20. Dziko limakumbukira Chilembwe mu Januwale, ophedwa a 1959 mu Malichi, asilikali mu Novembala, ndipo masiku atatuŵa sayang'anana m'maso. Mwambo wa boma umatha kutamanda kokha. Ukapeza chosatamandika umachidumpha. Eklezia ali ndi njira ina imene boma lilibe. M'buku lachiŵiri la Amakabeo, mutu 12, Yuda atapita kukatola mitembo ya ankhondo ake adapeza kuti onse ophedwawo adavala zithumwa za mafano m'kati mwa malaya. Sadabise, ndipo sadaŵataye. Adasonkhetsa ndalama natumiza ku Yerusalemu kuti akaŵaperekere nsembe yopepesera machimo. Kutamanda kumafuna ngwazi zopanda banga, pamene kupempherera kumalandira munthu monga aliri: wolimba mtima, wamantha, wogwidwa, ngakhale amene adamvera lamulo loipa. Benedict XV yemwe uja, polola mu 1915 kuti wansembe aliyense azichita Misa zitatu pa 2 Novembala, adatchula unyinji wa anyamata ophedwa pa nkhondo ngati chimodzi mwa zifukwa zake. Sadafunse kuti adali mbali iti.

Augustino Woyera, m'kabuku kake konena za kusamala akufa, adati ulemerero wa maliro umatonthoza amoyo koposa kuthandiza akufa. Tsono ngati mwambowu ngwa amoyo, tiyang'ane amoyo aja a pa mipando ya kutsogolo. Otsala a nkhondo yachiŵiri akutha, pakuti amene anali ndi zaka 18 mu 1945 lero wayandikira zaka 100. Koma alipo a ku Malaya, a ku Mozambique, a ku Congo, ndiponso amasiye ndi ana a amene sadabwerere. Amaoneka tsiku limodzi, ajambulidwa, abwerera kwao. Maluŵa ofiira ogulitsidwa mwezi umenewu cholinga chake nchoŵathandiza, ndipo nchabwino, koma mphatso ya chifundo siiloŵa m'malo mwa ngongole ya chilungamo. Pajatu pa kalendala ya Eklezia 11 Novembala ndi tsiku la Martino Woyera wa ku Tours, msilikali amene sitimkumbukira chifukwa cha nkhondo iliyonse, koma chifukwa lupanga lake adadulira mwinjiro wake kuti afunditse wosauka.

Anthu a m'midzi adapeza kale njira yao yokumbukira. Malipenga a ku Nkhata Bay, mganda wa m'chigawo cha pakati ndi beni wa ku Mangochi ndi perete yemweyo atabwerera kumudzi: mizere, maudindo, zovala zoyera, malipenga a zikho. Muli kunyadira, mulinso kuseka, ndipo wovinayo safuna chilolezo cha kazembe kuti akhale kapitao. Tiganiza kuti magule ameneŵa amanena zoona za nkhondo zija kuposa zolankhula zambiri za pa chipilala, chifukwa amasunga ulemu ndi chipongwe pamodzi, monga adazilaŵira amene adapitako.

Sitikunena kuti wansembe akane kupita ku mwambowu, kapena kuti asandutse pemphero kukhala mlandu. Apite, avale bwino, asunge nthaŵi. Koma m'pemphero lake atchule amtengatenga ndi liwu lao lenileni. Atchule akazi amene adasinja ufa wa ankhondo ana ao akugona ndi njala. Apempherere ophedwa a mbali zonse, pakuti ena mwa asilikali achikuda a Germany anali abale a anthu a ku Karonga, olekanitsidwa ndi mtsinje wa Songwe chabe. Liwu loti nsembe alisunge pamene liyenera. Ndipo ku parishi, poti mwezi wa Novembala akhristu amabweretsa kale maina a akufa ao kuti aŵerengedwe pa Misa, tingathe kufunsa m'miphakati ngati alipo mabanja amene akukumbukira gogo wao amene adapita ku mtengatenga osabwerako. Ena adzangodziŵa mfunda wake, ena mudzi wokha. Zimene adziŵazo zilembedwe m'buku la parishi, okalamba odziŵa akadalipo.