"Utsi" ndi "Mpweya Woipa": Kuunika Mawu a Kapimidwe ka Galimoto Zosinthidwa

Mwa mawu onse amene womasulira nkhani za galimoto amawapeza pafupi, palibe liwu lofulumira kubwera pakamwa ngati loti utsi. Chingerezi chikati emissions, iye amati utsi. Chikati emissions test, amati kupima utsi. Ndipo akaona kuti liwulo lachuluka m'ndime imodzi, amathawira ku mpweya woipa. Mawuwa ndi Chichewa chenicheni, ndipo palibe angawakane. Komabe funso limene nkhani ino ikufunsa ndi ili: kodi mwini galimoto wa ku Nambuma akamva mawu amenewa, amamva zimene makina opimira ndiponso malamulo akunena? Kuunika kukuonetsa kuti samva, ndipo wolakwa si iye ayi.

Galimoto zoyenda m'misewu yafumbi ya ku Nambuma, Nsaru ndi Kabudula n'zochepa zimene zidakali monga zinatulukira ku fakitale. Zambiri zinabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, n'kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Lipoti la bungwe la UNEP la m'chaka cha 2020 linasonyeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 galimoto zing'onozing'ono zogwirapo kale ntchito zokwana 14 miliyoni zinatumizidwa kunja kuchokera ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ndipo 40 mwa 100 zilizonse zinabwera mu Africa. Zikafika kumudzi zimakumana ndi ntchito imene sizinapangidwire: mabelo a fodya opita ku okushoni ku Kanengo, matumba a mtedza ndi soya, anthu a matola pa tsiku la msika. Tsono makaniko amawonjezera masipuling'i, amawotcherera zitsulo m'mbali mwa bodi, amadula ekizozi ikatsekeka, ndipo injini ikafa amaikamo ina imene yapezeka, nthawi zina ya dizilo m'malo mwa ya petulo.

Apa ndi pamene pali vuto loyamba, ngakhale kuti ndi laling'ono. Liwu loti modified ena amalimasulira kuti yokonzedwanso. Kukonza ndi kubwezera chinthu mwakale chikawonongeka, ndipo yokonzedwanso ndi galimoto imene yapita ku galaja kachiwiri basi. Munthu amene wachotsa injini yofooka n'kuikamo yamphamvu sanabwezere kanthu mwakale. Yosinthidwa ndi liwu labwinopo, malinga womasulira atchule chimene chasinthidwa, pakuti opima utsi alibe nazo kanthu za masipuling'i kapena zitsulo za pa bodi. Iwo amalondola njira ya mafuta, kuyambira pamene alowera mu injini mpaka pamene zotsalira zake zitulukira kumbuyo.

Kufunika kwa kusiyanitsaku kumaoneka bwino galimoto ikachoka kumene inazolowera n'kupita kumene kuli malamulo ena. Chitsanzo chodziwika kwambiri chili ku United States, kumene zigawo za dzikolo zili ndi maboma ndi malamulo awoawo. Ku Michigan ndi ku Florida galimoto ya munthu wamba siipimidwa utsi. Ku California bungwe loona za ukhondo wa mpweya, California Air Resources Board, linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo kupima kotchedwa Smog Check kunayamba mu 1984. Munthu akasamukira ku California ndi galimoto yake, sangailembetse kumeneko asanaipimitse, kupatula mitundu ingapo imene lamulo linaipatula, monga galimoto za petulo za 1975 kubwerera m'mbuyo. Wopimayo amayang'ananso ndi maso ngati zipangizo zoyeretsa mpweya zilipo zonse, ndipo chipangizo chogula padera chokhudza mpweyawo chimayenera kukhala ndi nambala ya chilolezo cha bungwe lija. Amene wasintha injini amayenera kuikamo ya chaka chofanana ndi cha galimotoyo kapena yatsopano kuposa apo. Motero galimoto imene inali yovomerezeka dzulo ku Michigan ikhoza kukanidwa lero ku California pamene palibe nati imodzi yomwe yamasulidwa panjira. Ndipo chodabwitsa kwa womasulira n'chakuti galimoto za petulo za chaka cha 2000 kupita m'tsogolo amazipima polumikiza makina ku kompyuta ya galimotoyo, osagwira utsi n'komwe.

Tsono utsi n'chiyani kwa Mchewa? Ndi chinthu chooneka ndi maso. Umafuka, umatsamwitsa, umaliritsa misozi, umasiya mwaye kudenga la khitchini. Mwambi umati pofuka utsi pali moto, ndipo nzeru yake yagona pa kuoneka kwa utsiwo. Dalaivala aliyense amadziwanso kuwerenga mitundu yake: wakuda ndi mafuta amene sanapse bwino, wobiriwira motuwa ndi oyilo amene walowa kumene sayenera kulowa, ndipo woyera wa m'mamawa mwezi wa Juni kawirikawiri ndi nthunzi chabe. Pa galimoto ya dizilo liwu loti kupima utsi likhoza kuima, chifukwa njira yofala yopimira dizilo ndi kuwalitsa nyali kudutsa mu utsiwo n'kuona kuchuluka kwa kuwala kumene kwatsekerezedwa. Pa galimoto ya petulo zinthu n'zosiyana. Kachitsulo kamene amalowetsa m'ekizozi kamafufuza mpweya wotchedwa kaboni monokisaidi ndi mafuta amene atuluka osapsa, ndipo kwina amapimanso mipweya ya nayitirojeni. Monokisaidi alibe mtundu, alibenso fungo. Galimoto ikhoza kulephera kupimako ekizozi yake ikuoneka mbee.

Mwini galimoto amene wauzidwa kuti akukapima utsi amachita chanzeru monga mwa mawu amene wamva: amaliza injini, amapita kumbuyo, amayang'ana, ndipo akapanda kuona kanthu amakhutira. Liwulo lamuuza kuti maso ake ndi okwanira. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu a kumudzi amachidziwa kale chinthu chimene liwuli likubisa. Mbaula ya makala ikayaka bwino sifuka utsi, komabe akuluakulu amaletsa kugona nayo m'nyumba yotseka nyengo yozizira, chifukwa anthu amadzuka mutu ukuwawa, ena osadzuka n'komwe. Chowaphacho ndi monokisaidi yemweyo, amene amakakamira m'magazi koposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya umene thupi limaufuna. Womasulira akadayambira pa mbaula, sakadavutika kufotokoza zimene makina akufunafuna m'ekizozi.

Mpweya woipa ndiye liwu lovuta koposa, ndipo likuyenera kukambidwa mofatsa chifukwa lakhazikika. Ana a sukulu anaphunzira kuti munthu amakoka mpweya wabwino n'kutulutsa mpweya woipa, kutanthauza kaboni dayokisaidi. Nkhani za kusintha kwa nyengo zitafika, liwu lomwelo linanyamulanso mipweya yotenthetsa dziko. Likapatsidwanso monokisaidi, ndiye kuti likunyamula akatundu atatu pamutu umodzi. Kulemera kwake kumaonekera pa chipangizo chotchedwa catalytic converter, chimene chinayamba kuikidwa pa galimoto zambiri ku America mu 1975. Chimakhala pa njira ya ekizozi, ndipo m'kati mwake muli timabowo tambirimbiri topakidwa miyala ya mtengo wapatali: platinum, palladium ndi rhodium. Ntchito yake imodzi yaikulu ndi kusandutsa monokisaidi kukhala dayokisaidi. Pogwiritsa ntchito mawu amene alipowa, chiganizocho chingatuluke chotere: chipangizochi chimasandutsa mpweya woipa kukhala mpweya woipa. Makaniko wa pa Nsaru akamva zimenezo, n'chiyani chingamuletse kuchiboola kapena kuchidula, makamaka podziwa kuti pali ogula miyala ili m'katimo?

Dzina la chipangizochi nalonso n'lofunika kusamala. Kuchitcha sefa ya utsi n'kosavuta, koma sefa imagwira zinyalala n'kuzisunga, monga imachitira ndi misere ya ufa, ndipo ikadzaza amaikutumula. Chipangizochi sichisunga kanthu, chimasandutsa. Sefa yeniyeni ilipo pa galimoto zina za dizilo, ndipo imagwira mwaye. Liwulo lisungidwire imeneyo. Chosandutsa mpweya ndi dzina lalitali pang'ono, koma limanena zoona. Pongodutsa, n'koyenera kukumbukira kuti petulo wokhala ndi mtovu amapha chipangizochi, ndipo maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anamusiya petuloyo pofika kumayambiriro kwa 2006. Kuyambira pamenepo palibenso chifukwa chonenera kuti chosandutsa mpweya sichigwirizana ndi mafuta a kuno.

Ku Malawi lamulo la pamsewu ndi limodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kotero munthu wosamuka ku Nambuma kupita ku Mzimba sapimitsanso galimoto chifukwa cha kusamukako. Chiphaso cha COF, chimene nthambi ya Road Traffic imapereka galimoto ikaonedwa mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zotero, chimagwira ntchito m'maboma onse. Chofanana ndi malire a zigawo za ku America ndi malire a maiko, ndipo apafupi kwa anthu a dera lino ndi a ku Mchinji, kudzera msewu wa M12 wodutsa pa Namitete. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene mu Disembala 2022 anatsegulapo ofesi imodzi yogwiramo maiko onse awiri, galimoto yolowa m'Zambia imalipira msonkho wotchedwa carbon tax. Malawi nayo inakhazikitsa msonkho wa dzina lomwelo pa galimoto mu 2019, ndipo unayamba ndi kuwerengedwa potengera kukula kwa injini, monga amachitira ku Zambia.

Womasulira akautcha msonkho wa utsi, dalaivala wopita ku Chipata amatenga lisiti lake ali ndi chikhulupiriro chakuti nkhani ya utsi yatha, walipira. Koma msonkhowo suchokera pa kupima ekizozi. Umachokera pa nambala yolembedwa m'chikalata cha galimoto, ndipo ganizo lake n'lakuti injini yaikulu imamwa mafuta ambiri n'kutulutsa dayokisaidi wambiri, pafupifupi makilogalamu 2.3 pa lita iliyonse ya petulo. Galimoto ziwiri za injini yofanana zimalipira mofanana, ngakhale ina ili ndi chosandutsa mpweya chamoyo pamene inayo anaidula kalekale. Ndipo ngati injini inasinthidwa koma chikalata sichinasinthidwe, msonkhowo ukuwerengedwa pa injini imene inatayidwa kuseri kwa galaja. Msonkho ndi kupima ndi nkhani ziwiri za mipweya iwiri yosiyana, ndipo liwu limodzi loti utsi lazimanga mtolo umodzi. Msonkho wa kaboni ndi dzina lobwereka, koma silinamiza munthu.

Pali ena amene amakana mawu obwereka ponena kuti amaipitsa chiyankhulo. Maganizo amenewa ndi olemekezeka, koma pa nkhani ino sathandiza. Chichewa chinalandira kale injini, petulo, dizilo ndi ekizozi, ndipo palibe dalaivala amene amayembekeza mawu ena m'malo mwa amenewa. Monokisaidi ndi dayokisaidi akhoza kulowa pa khomo lomwelo, malinga liwu lililonse likamatchulidwa koyamba lizibwera ndi kufotokoza kwake: monokisaidi, mpweya wakupha wa pa mbaula, dayokisaidi, mpweya wotenthetsa dziko. Dzina lophatikiza zonse likhoza kukhala zotuluka m'ekizozi, pakuti mphatikiram'mbuyo zo- amalola utsi, mwaye, nthunzi ndi mipweya yosaoneka kukhala pamodzi popanda china kubisa chinzake. Utsi ukhale wa dizilo ndi wa injini yodya oyilo, kumene diso limaugwiradi. Chikalata cholembedwa motero chikamuuza mwini pikapu wa ku Nambuma kuti makina akapima zotuluka m'ekizozi, iye adzadziwa kuti kuyang'ana kumbuyo sikukwanira, ndipo adzafunsa makaniko wake ngati chosandutsa mpweya chidakalipo pansi pa galimotoyo.