Kafukufuku wa anamwino asindikizidwe kuti, ndipo awerenge ndani?

Namwino akamaliza kafukufuku wa digiri yake, uphungu womwe amalandira kawirikawiri ndi wakuti atumize zomwe wapeza ku magazini yotchuka yakunja, monga Journal of Advanced Nursing ya kampani ya Wiley, yomwe idayamba kutuluka mu 1976. Chomwe chimakopa anthu ndi nambala yotchedwa impact factor. Nambalayi imaonetsa kuti nkhani za m'magaziniyo zatchulidwa kangati ndi ofufuza ena, powerengera zomwe zidatuluka m'zaka ziwiri zapitazo. Imayeza mmene akatswiri amatchulirana okhaokha. Siyeza ngati mzamba wa pachipatala cha ku Ulónguè waona nkhaniyo, kapena ngati yasintha chisamaliro cha mayi wodikira kuchira. Choncho kusankha magazini poyang'ana nambalayi yokha ndi kusankha molakwika. Akonzi a magazini ndi ofufuza ena adanena zomwezi mu 2012, m'chikalata cha ku San Francisco chotchedwa DORA, kuti nambalayi isagwiritsidwe ntchito poyeza ubwino wa nkhani imodzi kapena wa wofufuza.

Magazini akunja ali ndi phindu lake ndithu, ndipo Mozambiki ali ndi umboni. Mu 1984, poona kuchepa kwa madokotala, boma lidayamba kuphunzitsa opaleshoni anthu azachipatala omwe si madokotala, otchedwa técnicos de cirurgia. Ambiri ankakayika. Mu 1996 Caetano Pereira ndi anzake adasindikiza kafukufuku mu British Journal of Obstetrics and Gynaecology, poyerekeza amayi omwe adabereka pa opaleshoni m'manja mwa anthuwa ndi omwe adathandizidwa ndi madokotala pa chipatala chachikulu cha Maputo. Kusiyana kudali kochepa. Mu 2007 kafukufuku wina m'magazini yomweyo adaonetsa kuti m'zipatala za m'maboma, 92 mwa maopaleshoni 100 aakulu a uchembere ankachitidwa ndi iwo. Popeza nkhanizi zidatuluka m'Chingerezi, mayiko ena osowa madokotala adaziwerenga n'kutolapo nzeru. Pamenepa wofunika kumva anali wopanga malamulo ndi wopereka ndalama, ndipo magaziniyo idamufikira.

Koma si kafukufuku aliyense amene amafuna khutu la ku London kapena ku Geneva. Namwino akafufuza chifukwa chomwe amayi a ku Dómuè amachedwera kuyamba sikelo, kapena mmene angafotokozere kamwedwe ka mankhwala kwa agogo osamva Chipwitikizi, woyamba kufuna zotsatirazo ndi namwino mnzake wa m'boma lomwelo. Mnzakeyo adaphunzira m'Chipwitikizi, amalankhula ndi odwala m'Chinyanja, ndipo intaneti yake ndi ya pafoni yogulira mayunitsi. Nkhani ya Chingerezi yotsekeredwa mpaka munthu alipire siingamufike. Ndondomeko ya Hinari, yomwe bungwe la WHO lidakhazikitsa mu 2002, imathandiza masukulu ndi zipatala za m'mayiko osauka kuwerenga magazini ambiri azaumoyo, koma imatsegula khomo la mtengo lokha. Khomo la chilankhulo limakhalabe lotseka.

Malo ena osindikizira alipo. Instituto Nacional de Saúde imatulutsa Revista Moçambicana de Ciências de Saúde, yomwe namwino wa ku Tete angawerenge m'Chipwitikizi. Kutsidya kwa malire, Malawi Medical Journal ya ku Blantyre imawerengeka mwaulere, ndipo odwala omwe imakamba ndi ofanana ndi a ku Angónia pa chilankhulo, zakudya ndi matenda, poti Dedza ndi Calómuè ndi khomo limodzi. Ku South Africa kuli Curationis ndi Africa Journal of Nursing and Midwifery, omwe ndi a anamwino ndi azamba enieni. Magazini ambiri a mu Africa amapezeka pa African Journals Online. Nambala zawo za impact factor n'zochepa kapena palibe, koma owerenga awo amagwira ntchito m'zipatala zofanana ndi za kuno.

Wosankha ayenera kuyamba wadzifunsa kuti ndani adzasintha kagwiridwe kake ka ntchito akawerenga nkhaniyo, ndipo munthuyo amawerenga chilankhulo chanji. Kenako aone ngati magaziniyo imapereka nkhani kwa akatswiri ena kuti aziunike isanasindikize, ngati akonzi ake ndi anthu odziwika malo awo a ntchito, ndiponso ngati ili pa mndandanda wodalirika monga DOAJ kapena PubMed. Afunsenso za ndalama, chifukwa magazini ambiri aulere kwa wowerenga amalipiritsa wolemba, ngakhale ena amachotsera olemba a m'mayiko osauka akapempha. Palinso magazini achinyengo omwe amatumiza makalata okopa, kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa, n'kulandira ndalama popanda wounika aliyense. Nkhani ikalowa mmenemo yatayika, pakuti magazini yabwino siilandira nkhani yomwe idatuluka kale kwina.

Aphunzitsi a maphunziro a zilankhulo ziwiri sali kutali ndi nkhaniyi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE lidayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo kudzera mu PEBIMO: Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Carol Benson adaunika ntchitoyi n'kupeza kuti ana ankayankhula momasuka m'kalasi ndipo makolo ankaikonda. Lipoti lake lidatuluka m'Chipwitikizi ku Maputo, ndipo nkhani yomwe ofufuza amatchula kwambiri idatuluka mu 2000 m'Chingerezi, mu International Journal of Bilingual Education and Bilingualism. Buku la Feliciano Chimbutane la 2011, Rethinking Bilingual Education in Postcolonial Contexts, nalonso ndi la Chingerezi, losindikizidwa ku Bristol. Ntchito zimenezi ndi zolimba, ndipo zomwe zidapezeka mu PEBIMO zidatsegula njira ya maphunziro a zilankhulo ziwiri omwe adayamba mu 2003. Komabe n'zomvetsa chisoni kuti umboni wakuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo chake umakambidwa kwambiri m'chilankhulo chomwe mphunzitsi wa mwanayo sagwiritsa ntchito.

Wofufuza sangakakamizidwe kusiya magazini akunja, popeza kukwezedwa pantchito kumadalira zimenezo. Chomwe angakakamizidwe ndi kubweza zomwe adatenga. Akamasaina mgwirizano ndi wosindikiza, aone ngati akuloledwa kumasulira ndi kugawa nkhani yake. Alembe chidule cha masamba awiri m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, achipereke kuchipatala kapena kusukulu komwe adafunsa anthu mafunso. Apa aphunzitsi a zilankhulo ziwiri ndiwo akatswiri, chifukwa tsiku lililonse amasamutsa nzeru kuchoka m'chilankhulo china kupita m'chinzake, ndipo amadziwa kalembedwe kovomerezeka ka Chinyanja. Wofufuza akafika pasukulu kapena pachipatala ndi kalata yopempha chilolezo, mkulu wa pamalopo ali ndi ufulu womufunsa kuti zotsatira zidzasindikizidwa kuti, m'chilankhulo chanji, ndipo zidzabwerera liti ku Angónia.